Chidebe chinandikhuthukira, pasipoti ili pachifuwa

Moni nonse amene mukumvera, a ku Chawama, a ku Matero, ngakhale inu a ku Joni amene mumanditumizira mawu pa WhatsApp. Mukamva mawu anga akusasa lero, ndi chimfine, ndipo chimfinecho ndiye nkhani yake.

Pa 24 October, tsiku la ufulu wa Zambia, madamu amene ndimawagwirira ntchito kuno ku Lusaka anati titenge ana tipite kumalo osewerera m'madzi. Dzina sinditchula. Muli zotsetsereka zazitali zokhotakhota ngati njoka, ndiye pali chidebe chachikulu m'mwamba chimene madzi amalowamo pang'onopang'ono, chikadzaza chimapendeka n'kukhuthukira aliyense amene ali pansi. Ine yanga inali kusunga matawulo ndi kuyang'anira kamwana kotsiriza, ka zaka zitatu. Dzuwa la October mukulidziwa, mutu umachita kuwira.

Kamwana kaja kanangoti phuthu, kathamangira pansi pa chidebe. Ine pambuyo pake. Ndangokagwira dzanja, khuthu! Chitenje, mpango, nsapato, zonse chonyowa. Ana akuwa ndi chimwemwe, madamu foni m'mwamba akujambula: "Anti, sekaniko!" Ndinaseka, mano okha. Mtima unali pa kachikwama kamene ndimaika pachifuwa, momwe muli pasipoti.

Tsono musaganize kuti ndimaopa madzi. Ine ndine wa ku Salima, ndakulira ku Senga Bay, ndinkasambira mpaka pomwe amaima mabwato a asodzi amayi akundikalipira kumtunda. Anthu a kuno amalipira ndalama kuti anyowe, kwathu nyanja ndi yaulere, umangovula n'kulowa. Ndipo kumandiseketsa, madzi onsewo akungotayika, pomwe m'mawa womwewo ndinali pamzere ku pompi ndi chigubu cha malita 20. Mukukumbukira 2024 madzi atatsika ku damu la Kariba, magetsi akuzima tsiku lonse? Koma ayi, tisapite kumeneko, ndingakwiye.

Chimene ndinaona ndili chilili pamenepo ndi ichi. Ana aja kunyowa ndiye kusangalala kwawo. Amene watsetsereka n'kutuluka wouma amadandaula ngati amubera. Avala zosambira, zovala zina zili m'galimoto, m'thumba mulibe kanthu. Koma bambo wina anafika atavala jinzi, madzi atamuwaza anayenda tsiku lonse miyendo ili tang'a, nkhope yakwinyika. Madzi ndi omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti wina wasankha kunyowa, wina madzi amupeza ndi katundu wake.

Ndiye ife alendo, abale anga, timayenda ndi moyo wathu wonse pathupi. Mwana wa kuno akanyowetsa chitupa chake amadandaula, inde, koma palibe amene amufunse kuti unalowa liti m'dziko muno. Iwe ndi ine kachidindo kamodzi ka pa Mwami, pamalire a Zambia ndi Malawi, ndiko kamatilankhulira. Kakafufutika, upita kukafotokoza kuti chinali chidebe cha ana? Ndakuuzani kangati pano kuti mapepala muzikulunga m'jumbo? Jumbo ya shuga yomweyo, kawiri, n'kumanga. Jambulaninso tsamba lililonse pa foni, mutumize kwa mchemwali wanu kumudzi. Achimwene, inu amene mumaika pasipoti m'thumba lakumbuyo, mvula ikubwera mwezi wamawa, ngalande za mu Lusaka mukuzidziwa zikadzaza. Musadzati sindinanene. Wolalikira ndine, wogwa m'mbuna ndinenso.

Chondipweteka n'chakuti nzeru imeneyi ndinali nayo. Tili ku Livingstone mu April, pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, tinawoloka kamlatho ka Knife-Edge. Kumeneko madzi amachokera pansi kukwera m'mwamba, anthu amabwereka majasi amvula koma amatulukabe atanyowa. Tsiku limenelo mapepala ndinali nditakulunga bwinobwino, ndiye ndinakana jasi, ndinayenda manja m'mwamba ndikukuwa ngati kamtsikana. Sindinasekepo chonchija chibwerere kuno.

Pobwerera tsiku la chidebe lija, madamu anayala thawulo pampando kuti ndisanyowetse galimoto, n'kuyatsa mphepo yozizira. Chimfine chinayambira pomwepo. Usiku ndinatsegula pasipoti tsamba ndi tsamba, ndikuika tishu pakati, n'kuitsendereza pansi pa matiresi. Anabanda oyandikana nawo akuti ndiikwirire mu mpunga ngati foni. Ndinati mpunga wa Kilombero umene ndinabwera nawo kuchokera kwathu suli wa zimenezo.

Yauma. Masamba achita makwinya, chidindo chatuwa koma deti likuwerengeka. Dzulo kamwana kaja kakundikoka chitenje, "Anti, tiyende futi ku madzi." Ndauza madamu kuti ulendo wina matawulo asunge okha. Kachikwama ndidzasiya kwa Anabanda, ndipo chotsetsereka chachitali chija, chimene amuna akuluakulu ankabwerera pamakwerero, ndidzayamba ndi chimenecho.