Makalata a omvera: Iran ndi mabomba a nyukiliya

Takulandirani nonse amene mwatchera khutu. Makalata achuluka sabata ino, ndipo ambiri akukamba za Iran.

Ndiyambe ndi ya agogo ena a ku Karonga, kufupi ndi mgodi wa yuraniyamu wa Kayelekera. Alemba kuti: "Mayiko amene akukalipira Iran nawonso ali ndi mabomba a nyukiliya. Iwowo anawaloleza ndani?"

Agogo, kalata yanuyi ndaiwerenga katatu, ndipo simunaname. Pangano la NPT la mu 1968, loletsa kufala kwa zida za nyukiliya, limazindikira mayiko asanu okha kuti ali ndi zidazi: America, Russia, Britain, France ndi China, chifukwa anaphulitsa mabomba awo 1967 isanafike. Ena onse osaina analonjeza kuti sadzapanga, asanuwo n'kulonjeza kukambirana zothetsa awo. Mpaka lero akadali nawo. India, Pakistan ndi Israel sanasaine n'komwe. Iran anasaina, n'chifukwa chake akatswiri a IAEA, bungwe loona za nyukiliya padziko lonse, akhala akupita kukayendera malo ake.

Koma agogo, mundilole ndinene mbali inayo. Yuraniyamu wochokera mumgodi sangaphulike. Amayamba wasefedwa m'makina ozungulira mwaliwiro, monga amayi amasefera ufa, kuti mbali yamphamvuyo ichuluke. Wopangira magetsi amafika 3 mpaka 5 peresenti, wa bomba cha m'ma 90. Mu 2015 ku Vienna, Iran anagwirizana ndi mayiko asanu aja komanso Germany kuti sapitirira 3.67 peresenti, ndipo sasunga oposa makilogalamu 300. Iwo nawonso anavomera kumuchotsera zilango za malonda. Oyendera anaika makamera ndi zidindo zawo pa makina, ndipo kangapo konse anatsimikiza kuti Iran akusunga pangano. Kenako mu 2018 a Donald Trump anatulutsa America m'panganolo n'kubwezeretsa zilango. Pofika 2021 Iran anayamba kusefa mpaka 60 peresenti. Iye amati zonse ndi zamtendere, koma ine sindikubisirani, magetsi safuna 60. Apa Iran ayenera kufunsidwa. Chimene chimandipweteka n'chakuti panali njira imene inkayenda popanda kukhetsa magazi, ndipo amene anayamba kuisiya si Iran. Mu June 2025 Israel anaukira Iran, America n'kuponya mabomba pa malo a nyukiliya a dzikolo ku Fordow, Natanz ndi Isfahan. Nanga mawa dziko lina likauzidwa kuti lisaine, lidzakhulupirira bwanji? Zilango nazonso sizifika pa mbale ya nduna. Zimagwera mayi wa ku Tehran amene waima m'sitolo ya mankhwala, ndalama zili m'manja koma sizikukwanira.

Achimwene a ku Johannesburg mwafunsa ngati lilipo dziko limene linataya mabomba ake. Ndi komwe muliko! South Africa inapanga asanu ndi limodzi n'kuwaphwasula, ndipo a F.W. de Klerk, pulezidenti wa nthawiyo, anaulula mu 1993.

Mayi a ku Zomba mwakumbutsa kuti Gaddafi, mtsogoleri wa Libya, anasiya ntchito yopanga zidazi mu 2003, n'kuphedwa mu 2011. Zoona mayi, ndipo atsogoleri a ku North Korea amatchula zomwezo.

Tsopano makalata anayi, onse a anyamata, akuti Africa nayo ipange bomba kuti tizilemekezedwa. Ana anga, apa ndikudzudzulani. Mukulemba ngati ndi chikho cha mpira. Bomba limodzi lokha linapha anthu masauzande ambirimbiri ku Hiroshima pa 6 August 1945, ana asukulu ali m'gulu, ndipo yuraniyamu wambiri wa ntchitoyo anakumbidwa ku Shinkolobwe ku Congo. Mu 1996 mayiko a Africa anasaina pangano la Pelindaba lokana zidazi, ndipo ine ndimanyadira zimenezo.

Bambo a ku Mchinji, kalata yanu inanyowa ndi mvula moti ndangotha kuwerenga moni wokha. Tilipo bwino bambo, mulembenso, koma muiike m'jumbo.