Nguru ya Nawambe: Kodi Kamuzu Amayendadi Usiku Paphiri Lija?

[Kamera ionetse phiri, kenako wolankhula]

Muli bwanji nonse, a ku Santhe, a ku Chamama, a ku Chulu, ndi inu achimwene amene mukuonera muli ku Joni? Lero tili ku Nguru ya Nawambe, phiri limene lasenza nyumba ya Kamuzu pamutu. Musasunthe, pali bodza limodzi landitopetsa ndipo lero ndithana nalo.

Choyamba, mwachangu. Phirili lili kunja pang'ono kwa tauni ya Kasungu, kufupi ndi mudzi wa Chiwengo, kwawo kwa a Dr Hastings Kamuzu Banda.

Chachiwiri, mbiri yake ndi yakale kuposa nyumbayo. Akuluakulu amasimba kuti m'zaka za m'ma 1800 Angoni ochokera kumpoto adabwera ndi nkhondo motsogozedwa ndi Nawambe, koma Achewa a mfumu Mwase adawabweza. Mwase adali ndi mfuti zimene ankapeza pa malonda a minyanga ya njovu. Ngakhale David Livingstone adafika kwa Mwase mu 1863.

Ngati mwaphunzirapo kale kanthu, dinani subscribe ndi kabelu kaja. Ambiri mumangoonera n'kuchoka, ine ndimaona!

Chachitatu tsono. Khalani pansi bwinobwino.

[Nyimbo itsike]

Mudamvapo zoti mzukwa wa Kamuzu umayenda m'nyumba ija usiku, ndodo ikugogoda pansi, litchowa lili m'manja. Ena amati adafera momwemo. Ena mpaka amalumbira kuti adaikidwa paphiri pomwepo, ati manda a ku Lilongwe ndi ongonamizira. Abale anga, zimandiwawa, chifukwa imfa ndi maliro ake zidachitika dzana lomweli, makolo athu akuona.

Kamuzu adamwalira pa 25 Novembala 1997 m'chipatala ku Johannesburg. Thupi lake lidabwera pandege, anthu adadutsa kuliona, ndipo adaikidwa ku Lilongwe pamaso pa chinamtindi cha anthu. Chiliza chachikulu chija, kufupi ndi Nyumba ya Malamulo, adachitsegulira mu 2006. Sadafere paphiri, sadaikidwe paphiri. Mfundo imeneyo yatha.

Wina ati, "Koma nyuzipepala zidalemba za mizukwa m'nyumba ya Kamuzu!" Inde zidalemba, koma nyumba iti? Mu Malichi 2005 kudatuluka nkhani yoti a Bingu wa Mutharika asiya kugona ku New State House chifukwa cha mizukwa. Nyumba imeneyo ili ku Lilongwe, ndi yomwe lero timati Kamuzu Palace. A Bingu adakana kwamtuwagalu, ndipo atolankhani awiri, Raphael Tenthani ndi Mabvuto Banda, adamangidwa chifukwa cha nkhaniyo. Ndiye inu mwainyamula nkhani ya ku Lilongwe, mwaikweza basi, mwadzaitula ku Kasungu. Bwanji kodi?

Nanga kuwala kumene anthu amati amakuona usiku? Pitani m'mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala. Anyamata osaka mbewa amayatsa tchire masana, moto n'kukwera phiri pang'onopang'ono. Kukada umaoneka ngati kamzere kofiira kakuyenda kokha, kuzima apa, kuyakanso apo pamene pali chitsa chouma. Onjezani tochi ya mlonda akuzungulira mpanda, kadzidzi akulira pamtengo, mphepo ya mwera ikuomba m'miyala. Munthu amene wachoka kunyumba ali kale ndi mantha angaone chiyani china?

Ndipo manthawo ndi enieni, sindikuwapeputsa. Amene mudakula nthawi ya chipani chimodzi mukudziwa. Dzina la Ngwazi silinkatchulidwa mwachisawawa, apayoniya adali paliponse, khadi la chipani linkafunsidwa pakhomo la msika. Nyumba ya paphiri anthu ankangoiyang'ana chapatali, wolowamo n'kukhala wosankhidwa. Pamene maso saloledwa kufika, pakamwa pamadzaza nkhani. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 idasintha malamulo, koma kunong'ona kudatsala, ndipo ana obadwa pambuyo pake adalandira kunong'onako ngati mizukwa.

Musandimve molakwa. Sindikunyoza mizimu ya makolo, kapena nsembe zimene agogo athu ankathira patsinde pa mtengo wa msolo. Zimenezo zili ndi mwambo wake ndi eni ake. Chimene ndikukana ndi nkhani zopeka za pa Facebook zongofuna ma like, zoika munthu m'manda amene sadagonemo.

Agogo anu akasimba zosiyana, lembani m'munsimu, ndimawerenga zonse. Tumizaninso vidiyoyi ku gulu la WhatsApp la kumudzi kwanu.

Chachinayi, mukafuna kukaona, musakwere mongodziponya. Pali alonda, pemphani chilolezo kaye.

Chachisanu ndangochikhudza, nthawi yatha. Mu Disembala 1895 asilikali a Angerezi adathira nkhondo Mwase Kasungu, mfumuyo idadzipha posafuna kugwidwa, ndipo azungu adamanga linga lotchedwa Fort Alston. Imeneyo ndi vidiyo ya sabata yamawa, ndipo ikatha tipita ku Mchinji kukafufuza za Fort Manning. Kabelu kaja mwadina? Tionana Lachisanu.