Ngongole ya mu Malichi 1959

Moni nonse, a kumudzi ndi a kuno kunja. Ndikulankhula ndili ku Harare, komwe ndakalambira, ndipo foni akundigwirira mdzukulu wanga. Mnyamata wina wa ku Joni wafunsa kuti kodi machona akalefe tikasowa ndalama tinkalowera kuti. Mwanawe, khala pansi ndikuuze zomwe zinandionekera ine.

Ndinabwera kuno ndili mnyamata, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe azungu anatikakamiza mu 1953. Tinadzera ku Tete, mlatho pa Zambezi kulibe. Mzinda wa Harare uno unkatchedwa Salisbury. Ndinapeza ntchito pafakitale ina, kogona kunali kumahositelo a m'lokishi lomwe lero mukuti Mbare. Malipiro ankatha mwezi usanafike pakati, komabe mwezi uliwonse kenakake kankapita kumudzi.

Ndiye pa 26 Febuluwale 1959, boma la Edgar Whitehead linaletsa chipani cha Congress cha kuno n'kuyamba kutola anthu usiku. Pakati pa omangidwawo panali anzathu a ku Nyasaland. Pa 3 Malichi moto unayaka kwathu. Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pachiopsezo, Dr Banda anagwidwa m'bandakucha n'kubweretsedwa kundende ya Gwelo, konkuno. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa, oposa 50 anaphedwa. Inu mumalidziwa tsikuli ngati la tchuthi chokumbukira ofera dziko. Ife tinkalimva m'manong'onong'o, munthu akuyang'ana kumbuyo asanatsegule pakamwa.

Uthenga unandipeza kudzera mwa munthu wochokera kumudzi: achimwene anga atengedwa, ali kundende ya Kanjedza. Asiya alamu ndi ana, asiyanso amayi. Amene munakulira kumudzi mukudziwa mmene Malichi amakhalira, nkhokwe zauma, chimanga sichinakhwime. Mtumikiyo ankabwerera posachedwa, ndipo ine m'thumba munalibe ngakhale sheleni.

Masiku abwinobwino tinkadalira chipereganyu cha anyamata a m'chipinda chathu. Chinali chitafa. Wosunga ndalama anali m'gulu la otengedwa, otsalafe tinkaopa ngakhale kukhala anthu angapo pamodzi, poti ukapezeka pagulu unkaoneka ngati uli pamsonkhano wa ndale. Bungwe lathu la maliro linali ndi ndalama, koma zija ndi za bokosi, sungazikhudze. Wakatapila analipo. Iyeyo ankafuna chitupa changa ngati chikole, pomwe apolisi ankafunsa chitupacho pakona iliyonse. Kupereka chitupa mwezi umenewo kunali kudzipereka wekha kundende.

Panatsala munthu mmodzi, telala wina wachikulire wa ku Nkhata Bay, yemwe ankasoka pakhonde la sitolo. Sanali mnzanga, sanali mbale. Tinkangopatsana moni kutchalitchi, ndipo anandisokerapo chigamba pabuluku. Ndinazungulirazungulira pakhondepo mpaka makasitomala atatha.

"Zikomo, bambo."

"Lowa mwanawe. Nkhope imeneyi si ya munthu wodzasoketsa."

Ndinafotokoza zonse, osabisa za Kanjedza. Pamenepa ndi pomwe ndikufuna achinyamata mumvetse. Kupempha ngongole n'kovuta nthawi iliyonse, manyazi amakugwira pakhosi. Koma mwezi umenewo ndinkapempha zoposa ndalama. Munthu wothandiza banja la womangidwa akanatha kuonedwa ngati wa Congress. Akazitape analipo pakati pathu, ena odya nafe mbale imodzi. Mkuluyo sakanadziwa ngati ine sindinali mmodzi wa iwo, wotumidwa kudzamuyesa. Sakanadziwanso ngati mawa lake sindikagwidwa kapena kuthamangitsidwa m'dziko, ndalama zake n'kupita nane.

Ndipo iyeyo anali ndi chake chomupweteka. Pa 3 Malichi pomwepo asilikali anaombera khamu la anthu padoko la Nkhata Bay, anthu omwe anasonkhana pofuna abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Anthu 20 ndi omwe boma linavomera kuti anafa. Mkuluyo anali asanalandire kalata iliyonse yomuuza ngati a kwawo ali moyo. Ine ndinabwera ndi vuto langa kwa munthu yemwe usiku sankagona.

Anakhala chete nthawi yaitali, phazi lili pamakina. Kenaka analowa mkati n'kutuluka ndi mapaundi 5 atakulunga m'kansalu. Zinali ndalama zambiri kwa ine, zoti ndikanasunga miyezi ndi miyezi. Ndinati tilemberane papepala, ndisaine.

"Ayi, mwanawe. Pepala lokhala ndi dzina lako ndi langa likapezeka m'nyumba muno, tonse tikagona kundende ya Khami. Uzibwera ndi buluku lako ngati wodzasoketsa, zomwe wapeza uziika m'thumba lake."

Chiwongoladzanja sanatchule, tsiku lobwezera sanatchule. Mpaka lero ndimati munthu uja anali wolimba mtima kuposa ambiri omwe ankakuwa pamisonkhano, ndipo dzina lake simudzalipeza m'buku lililonse la mbiri ya dziko lathu.

Ndalamazo zinafika. Alamu anagula chimanga n'kulipira msonkho. Ine ndinayamba kubweza pang'onopang'ono, masheleni awiri, masheleni atatu, mmene mwezi walolera. Mwezi wina ndinapita chimanjamanja, ndinangopita kuti andione kuti sindinathawe. Anandipatsa tiyi. Mu Julaye lipoti la Devlin, woweruza yemwe anatumidwa kukafufuza zomwe zinachitikazo, linatuluka ku London likunena kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndipo tinaliwerenga m'nyuzipepala pakhonde pomwepo, motsitsa mawu. Kalata yake ya ku Nkhata Bay inali itafika kale. A m'nyumba mwake anapulumuka, koma mnzake yemwe anakulira naye limodzi anali m'gulu la ophedwa.

Dr Banda anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, achimwene anabwerera kumudzi chaka chomwecho, ndipo ngongole ndinaimaliza cha kumapeto kwake. Telala uja anabwerera kwawo dziko litalandira ufulu mu 1964. Ine ndinatsala, poti ndinali nditakwatira kuno.

Sabata yamawa ndidzakamba za Novembala 1965, pomwe Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu kuno, anadzilengezera ufulu wake, ndi mmene ife a ku Malawi tinasandukira alendo m'dziko lomwe tinalimanga ndi manja athu. Tsalani bwino.