Yambirani pa limu musanagule ekiselo ya ngolo

Amfumu, anyakwawa, amayi ndi abambo a bungwe lathu, zikomo pondipatsa mpata. Inu muli kumbuyoko sunthirani pafupi, chifukwa ndabwera ndi zitsulo ndipo ndikufuna muzione ndi maso anu.

Kukolola kukafika kuno ku Angónia, tonse timadandaula chimodzi: kachewere ali kumunda, chimanga ndi nyemba zili pakhomo, koma msika uli ku Ulónguè kapena ku Calomue. N'chifukwa chake ambiri mwaganiza zopangitsa ngolo, ena yokoka ng'ombe, ena yomangirira kumbuyo kwa pikapu. Maganizo abwino kwambiri. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti munthu akagwira ndalama amathamangira kogula ekiselo, chitsulo chopingasa chimene magudumu amamangidwapo, n'kuyamba kufunafuna malimu, zitsulo zovalapo matayala, pambuyo pake. Ameneyo wazondotsa ntchito. Choyamba ndi limu imene muli nayo kale, ya galimoto yanu kapena ya magalimoto amene ali ambiri m'dera lino. Ekiselo itsatire limu.

Ubwino wake ndi uwu. Ngolo ndi galimoto zikakhala ndi malimu ofanana, sipeya imodzi ikwanira zonse. Tayala la ngolo likaphulika pa msewu wa N304, pakati pa Mussacama ndi Ulónguè, mumasula sipeya ya galimoto, mumanga, ulendo upitirira. Malimu akasiyana, mugona pamsewu kulondera matumba.

Taonani limu iyi. Ndi ya Toyota Hilux, ndipo ili ndi mabowo 6 a mabawuti. Koma kuwerenga mabowo kokha sikukwanira. Mabowowa ali pa mzere wozungulira, ndipo tiyenera kudziwa kuti mzerewo ndi wotambalala motani. Tengani tepi, ikani pakati penipeni pa bowo limodzi, dutsani pakati pa limu mpaka pakati pa bowo loyang'anizana nalo. Apa ndapeza mamilimita 140 osakwana pang'ono. Ogulitsa amalemba 6x139.7, kutanthauza mabowo 6 pa mzere wotambalala mamilimita 139.7. Muyeso umenewu muupezanso pa Isuzu KB, Ford Ranger, Mitsubishi L200 ndi Nissan Hardbody, n'chifukwa chake ndimaukonda: malimu ake savuta kupeza, kaya ku Tete, ku Moatize kapena kutsidya ku Dedza. Koma chenjerani ndi Nissan Navara ya mtundu wa D40. Nayonso ili ndi mabowo 6, koma muyeso wake ndi 114.3. Kutali imaoneka ngati inzake, mukaiyika siyilowa.

Mabowo akakhala 4 muyeza chimodzimodzi, bowo ndi loyang'anizana nalo. Corolla zakale ndi Vitz zambiri ndi 4x100.

Povuta ndi pa mabowo 5, chifukwa palibe bowo loyang'anizana ndi linzake. Apa yezani mabowo awiri oyandikana, pakati mpaka pakati, n'kuchulukitsa ndi 1.7. Foni yanu ili ndi kakyuleta, musaope. Mukapeza pafupifupi mamilimita 67, limuyo ndi 5x114.3, monga Hilux zakale zokoka ndi kumbuyo kokha. Mukapeza 88, ndi 5x150, ya Land Cruiser monga ya 100 ndi za 70 zapambuyo pake. Tsono mvetserani bwino. Pali malimu ena a 5x112, monga a Mercedes-Benz, amene mabowo ake oyandikana ali pa mamilimita pafupifupi 66. Kusiyana kwake ndi 114.3 diso silingakuone. Limuyo imalowa mokakamiza, manati amamangika mopendama, ndipo pamsewu mabawuti amapindika pang'onopang'ono mpaka kuthyoka. Tayala lothawa pa ngolo yodzaza silisankha, likhoza kukagunda mwana wopita kusukulu.

(Bambo wina akufunsa ngati angakuze mabowo ndi fayilo kapena ndi moto.)

Ayi bambo, chonde musatero, ndipo wowotcherera akanena kuti atero mukanize. Pakamwa pa bowo lililonse pali kamphako kotsetsereka kamene nati imakhalapo. Kamphakoko ndi kamene kamaika limu pakati penipeni. Mukakadya ndi fayilo, limu imayenda mokhotakhota, manati amamasuka okha. Pa ngolo ya ng'ombe mwina mungapulumuke miyezi ingapo chifukwa imayenda pang'onopang'ono, komabe mabelingi adzatha msanga. Pa ngolo ya galimoto musayese n'komwe.

Chachiwiri ndi bowo lalikulu lapakatili, limene habu, chitsulo chozungulira cha kunsonga kwa ekiselo pomangira limu, imatulukirapo. La Toyota ya mabowo 6 ndi mamilimita 106. La Isuzu ndi pafupifupi 100, la Ford Ranger ndi 93. Ndiye kuti limu ya Ranger, ngakhale mabowo a mabawuti agwirizane, siyingadutse pa habu yokula ngati ya Toyota. Yezani bowoli, yezaninso mphuno ya habu. Manati nawonso ali ndi zawo. Toyota ndi Nissan onse mabawuti awo ambiri ndi a mamilimita 12, koma mizere yake ndi yosiyana: Toyota ndi 1.5, Nissan ndi 1.25. Nati ikayamba kulimba itangozungulira kawiri, lekani, si yake. Mukaikakamiza ndi sipanala mwapha bawuti.

Ndiye langizo langa lalikulu: popita kukagula, nyamulani limu yeniyeniyo. Ikwezeni pa njinga, pa chapa (minibasi), mulimonse. Kaiyikeni pa habu, mumange manati onse ndi dzanja, muzungulitse. Mawu akuti "ikwana" musawalandire kwa aliyense.

Tsopano za kulemera. Apa tisanamizane. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi, ndipo tonse tikudziwa kuti thumba la kachewere losokerera pamwamba limapitirira 50. Onjezerani kulemera kwa ngolo yokha, zitsulo ndi matabwa. Zonsezo zimagona pa ekiselo. Ma ekiselo ogula m'sitolo kawirikawiri amayenda motere: yobulungira ya mamilimita 39 imanyamula makilogalamu pafupifupi 750, ya makona anayi ya 40 pafupifupi 1,000, ya 45 pafupifupi 1,400. Wopanga aliyense amalemba malire ake, ndiye funsani ndipo muwerenge. Musagule yongokwanira ndendende, chifukwa malirewo sawerengera maenje a misewu yathu yopita ku Dómuè kapena ku Tsangano nthawi ya dzinja. Ngolo ikagwera m'dzenje, ekiselo imalandira nkhonya yoposa katundu amene mwakweza.

Matayala nawonso ali ndi malire, olembedwa m'mbali mwake. Tayala la galimoto yaing'ono lolembedwa 82 limanyamula makilogalamu 475. La pikapu, monga 195R14C lolembedwa 106, limanyamula 950. Ekiselo yamphamvu pa matayala a Corolla ndi ngati goli la mlombwa pa ana a ng'ombe. Ngolo imanyamula molingana ndi chiwalo chake chofooka.

(Mayi wina akufunsa za difu yakale ya galimoto, ekiselo yakumbuyo yokhala ndi magiya pakati.)

Funso labwino amayi, chifukwa ngolo zambiri za ng'ombe zili pa difu. Ubwino wake ndi wakuti mukapeza difu ya mtundu wa galimoto yanu, malimu akwana popanda mkangano, ndipo ndi yolimba. Kuipa kwake ndi kulemera, ng'ombe zimakoka chitsulo chopanda phindu, komanso chimimba chake chapakati chimakhula m'misewu ya mizere yakuya. Musanalipire, ikwezeni pamiyala, gwirani gudumu pamwamba ndi pansi, ligwedezeni. Likamagogoda, belingi yatha. Lizungulitseni mukuliyang'ana kutsogolo. Likamavina, shafiti inapindika pangozi. Ndipo ngati magiya akadali m'kati, musaisiye youma, ithireni oyilo ndi kutseka pamene pangalowe mchenga.

Utali wa ekiselo timayeza kuchokera pa nkhope ya habu, pamene limu imatsamira, mpaka pa nkhope ya habu inayo. Malimu amasiyana kuya, ena amalowetsa tayala m'kati, ena amalitulutsa kunja. Choncho mangani matayala pa ekiselo kaye, muyeze mpata wotsala pakati pake, kenako wowotcherera adule zitsulo za bokosi. Siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pakati pa tayala ndi bokosi, ndipo pamwamba musiye wokwanira kuti masipuling'i akaphwa ndi katundu tayala lisakhule. Ngati n'kotheka, matayala a ngolo aponde m'mapazi a matayala a galimoto. M'matope zimenezi zimathandiza kwambiri, chifukwa galimoto yatsegula kale njira. Masipuling'i akhale pafupi ndi mahabu. Akatalikira, nsonga za ekiselo zimapindikira m'mwamba ndipo matayala amatha mbali yam'kati.

Kwa anyamata owotcherera amene muli pano, ndikupempheni. Musalumikize ekiselo pakati pofuna kuitalikitsa, ndipo musawotcherere mopingasa chitsulo cha ekiselo. Pamene pawotchedwa moteropo ndi pamene mng'alu umayambira. Gwiritsani ntchito mabawuti a U ndi timipando ta masipuling'i.

Ekiselo ikhale pati? Osati pakati penipeni pa bokosi. Ibwezereni kumbuyo pang'ono, kuti pafupifupi magawo 6 mwa 10 a bokosi akhale kutsogolo kwake. Tikufuna kuti gawo limodzi mwa 10 la kulemera konse litsamire pa chokokera. Kumbuyo kukalemera kuposa kutsogolo, ngolo imayamba kupukusa mchira liwiro likakwera, ndipo imatha kugwetsa galimoto yoikoka. Pa ngolo ya ng'ombe musabwezere kwambiri, mungalemetse makosi. Koma musalolenso kuti mtanda uzinyamuka, chifukwa pokwera chitunda zingwe zimatsamwitsa ng'ombe.

Za mabuleki: malire odziwika m'mayiko ambiri ndi makilogalamu 750, ngolo ndi katundu pamodzi. Kupitirira pamenepo ngolo ya galimoto iyenera kukhala ndi mabuleki ake. Amene mumatsika kuchoka kumtunda kuno kulowera ku Moatize mukudziwa mmene katundu amakankhira kumbuyo. Musanaike ngolo pa msewu wa N7, kafunseni ku INATRO, ofesi ya boma yoona za magalimoto, za mapepala, nambala ndi magetsi akumbuyo.

Chomaliza ndi mabelingi. Nambala yake imadindidwa pa mkombero. Ilembeni m'kope musanamange, kuti ikadzatha mudzangotchula nambala. Pakani girizi mpaka alowe pakati pa timagudumu take. Mangani nati yaikulu uku mukuzungulitsa habu, ikalimba ibwezeni pang'ono, mulowetse pini yatsopano, osati msomali. Ulendo woyamba imani mutayenda makilomita ochepa, gwirani habu ndi dzanja. Kufunda si vuto, koma ikakuwotchani mwamangitsa kapena girizi wachepa. Mangitsaninso manati a matayala pomwepo.

Panja pali malimu atatu ndi habu imodzi. Tigawane magulu atatu, tepi ili ndi alembi, gulu lililonse liyeze limu yake ndipo lindiuze nambala lisanaiyese pa habu. Amayi muyambe ndinu.