Uthenga wa mawu ku gulu la zisudzo: mmene tigwiritsire ntchito sikiliputi ija ya ku America

Moni nonse a gulu la zisudzo, ndi patironi wanu. Ndikhulupirira holide ikuyenda bwino ndipo makolo mukuwathandiza ntchito pakhomo. Uthengawu utalikirako, ndiye amene bandulo yamuthera akamvere pa foni ya mnzake. Iwe mlembi, khala ndi kope ndi cholembera pafupi, chifukwa kumapetoku ndigawa ntchito.

Tsiku lotsekera lija ndinakupatsani mapepala, fotokope ya sikiliputi ya sewero lakale loseketsa la pa kanema wa ku America, lija la ana a sekondale amene akukonza sewero la nyimbo pasukulu pawo. Atatu mwa inu mwandilembera kale kuti mwawerenga mpaka kumapeto koma simunaseke olo kamodzi. Wina wafunsa kuti bwanji mapepala ndi ambirimbiri chonsecho mawu ake ndi apatalipatali. Katengeni mapepalawo, muwaike pamiyendo, tiyende nawo limodzi.

Ndiyambe ndi ichi kuti pasakhale chisokonezo. Sewero limenelo sitidzasewera ayi. Lili ndi eni ake, komanso nthabwala zake anazisoka pa msinkhu wa anthu akwawo komweko. Ndakupatsani monga mmene telala amaphwasulira malaya akale kuti aone mmene mnzake anadulira nsalu. Tikaona kadulidwe, tisoka athuathu, m'Chichewa, onena za sukulu ngati yathuyi. Izi si za mpikisano wa ATEM kumene timasewera m'Chingerezi. Izi ndi za mu holo mwathu, makolo ndi anzanu ali pompo.

Tsegulani tsamba lililonse la pakati. Mukuona kuti mawu olankhula atalikirana mizere, pamene zochita, monga kulowa, kutuluka, kugwetsa mpando, zalembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha? Sikuwononga mapepala kumeneko. Mipata imeneyo ndi yoti wosewera alembemo ndi pensulo poti aime, poti atembenuke, ndiponso mawu atsopano akawasintha. Zilembo zazikuluzo n'zoti diso lisasokoneze chonena ndi chochita. N'chifukwa chake masamba opitirira 40 amatha m'mphindi 22 zokha. Pa kanema pulogalamuyo inkapatsidwa theka la ola, koma mphindi zinazo zinkapita kwa otsatsa malonda. Zigawo sanazipatse manambala, anazipatsa zilembo, A, B, C, ndipo pansi pa mutu wa chigawo chilichonse pali mayina a onse olowa m'chigawocho. Pamene palembedwa INT. ndiye kuti tili m'kati mwa chipinda. Inunso mudzalemba chimodzimodzi, ngakhale ndi pamanja: mzere umodzi mawu, wotsatira mudumphe.

Tsono chimene simunasekere n'chiyani? Sikiliputi imeneyi sinalembedwe kuti munthu aziwerenga ali yekha pamkeka. Inalembedwa kuti iseweredwe pamaso pa anthu. Kajambulidwe kameneka kanatchuka mu 1951 ndi pulogalamu ya I Love Lucy, ya Lucille Ball ndi amuna ake Desi Arnaz. Ankajambulira ku Hollywood ndi makamera atatu nthawi imodzi, anthu atakhala kutsogoloku akuonerera n'kumaseka, ndipo katswiri wa makamera Karl Freund ndi amene anakonza kaunikidwe koti kamera iliyonse izitola bwino osamangoimitsa sewero kuti asunthe nyali. Chipinda chinkakhala ndi makoma atatu okha, pamalo pa lachinayi ndi pamene pankakhala anthuwo. Mukadzaonera masewero amtunduwu muonetsetse: sofa imayang'ana kwa oonerera, ndipo patebulo mbali imodzi amaisiya yopanda munthu. Ndi sewero la pasiteji lenileni, kungoti panali makamera. Ndiye holo yathu ija ikukwana bwinobwino.

Phwete limene mumamva m'mapulogalamu ena akale silinali la anthu a tsikulo nthawi zonse. Katswiri wina wa zamawu, Charles Douglass, m'zaka za m'ma 1950 anapanga makina osungiramo kuseka kojambulidwa, n'kumakuthira pamene pachepa. Ife makina amenewo tilibe ndipo sindikuwafuna. Ana a Fomu 1 akapanda kuseka, mzere umenewo tiukonzanso basi.

Kamangidwe kake n'kosavuta. Masamba oyambirira, nyimbo yotsegulira isanalire, amawatcha cold open, kanthu kakafupi kokokera anthu, ndipo nthawi zambiri vuto limatulukira pomwepo. Kenako gawo lalikulu loyamba, limene limathera pamene zinthu zaipiratu, chifukwa apo ndi pamene ankalowetsa malonda ndipo sankafuna kuti woonera adzuke pampando. Lachiwiri limamasula mfundoyo. Kumapeto kuli kachidutswa kotchedwa tag, kongotsukuluzira mkamwa. Nkhani zimakhala ziwiri zoyendera limodzi, yaikulu ndi yaing'ono, ndipo zimakakumana usiku wa sewerolo.

Apa tsopano nditchereni khutu, chifukwa ndi pamene pagona zonse. Werenganinso mapepalawo, ndipo pa munthu aliyense mulembe m'mphepete chinthu chimodzi chimene akuchifuna ndi mtima wake wonse. Mupeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene akufuna kuseketsa anthu. Mtsikana uja wamanidwa gawo la woimba wamkulu, zikumupweteka zenizeni. Mnyamata uja woopa gulu, thukuta lili m'manja zenizeni. Mphunzitsi wa nyimbo akuona ngati mbiri yake yonse yagona pa usiku umodzi umenewo. Oonerera amafa nalo phwete chifukwa akuona anthu akulimbana ndi kanthu kakang'ono ngati kuti dziko likutha, ndipo aliyense pabenchipo zinamuchitikirapo.

Matenda athu m'zisudzo za kusukulu mukuwadziwa. Munthu kulowa atavala jekete chozondotsa, nkhope yapakidwa makala, akuyenda motsimphina, kufuna kuti anthu aseke asanatsegule n'komwe pakamwa. Amaseka inde, kamphindi kamodzi, kenako amayamba kucheza zawo kumbuyoko. M'sewero lathuli wovala zoseketsa sindikumufuna. Yunifolomu yeniyeni, yositidwa bwino. Amene adzasewere ngati ahedi akhale ahedi olemekezeka, amene mutu wawaimadi ndi ndalama ya mafuta a jenereta. Ukawachita chipongwe, anzako aseka kamodzi. Ukawasewera mwaulemu, akuwerengetsera makwacha pa kapepala uku ana akuwapempha makatani atsopano, ngakhale makolo aseka, chifukwa kuwerengetsera kumeneko amakudziwa.

Lathulo lingayende motere, ngakhale olemba muli ndi ufulu wosintha. Kwatsala masiku 5 kuti sewero la nyimbo lionetsedwe. Kiyibodi ndi yobwereka kutchalitchi, ndipo eni ake akuifuna Loweruka lomwelo pa ukwati. Mtsikana amene ali ndi mawu okoma kuposa onse amaimba pokhapokha akamasesa m'kalasi ali yekha, akangoona anthu kukhosi kumauma gwa. Woimba ng'oma ndi woimba kiyibodi sakulankhulana chifukwa cha ngongole ya mandasi, ndiye uthenga uliwonse umadzera mwa mwana wa Fomu 1 amene waima pakati pawo. Nkhani yaikulu ndi ya mtsikanayo, yaing'ono ndi ya awiriwo. Ganizani mmene tsache lija lingakafikire pasiteji usiku womaliza. Sindikuuzani, mupeze nokha.

Tibwere pa kudikira phwete. Kuno kwathu wailesi ya kanema inayamba mu 1999, ndiye ambiri a ife tinakulira masewero a pa wailesi ya MBC, monga Sewero la Sabata Ino ndi Pamajiga. Pa wailesi wosewera samva womvera akuseka, ndiye sadikira aliyense. Pasiteji n'zina. Mukapeza kanema wakale wa Izeki ndi Jakobo ali pamaso pa gulu, musangoseka nawo. Muziwerenga chamumtima kuti wina akaponya mawu, mnzake akutenga nthawi yaitali bwanji asanayankhe.

Muzichita chonchi. Anthu akaseka, leka kulankhula, koma usaume ngati chitsa. Ngati umapinda chitenje, pitiriza kupinda. Ngati umamuyang'ana mnzako mokwiya, pitiriza kumuyang'ana, ndipo mano asaoneke. Kuseka kwa gulu kuli ngati mvula pa malata, kumayamba, kumakula, kenako kumayamba kuchepa. Ukamva kuti kwayamba kuchepa, lowa ndi mzere wako mokweza pang'ono. Usadikire mpaka holo yonse iti zii, pamenepo sewero lazizira kale.

Ndikukakamira pamenepa chifukwa ndinaziona ndi maso. Pasukulu ina imene ndinkaphunzitsa kale, mwana wina anali ndi mzere umodzi wosenza nkhani yonse, woulula amene anabisa kalata. Anaunena holo ikugwedezeka ndi phwete la mzere wa mnzake. Palibe anamva. Mphindi khumi zotsatira makolo ankangogundana zigongono kufunsana kuti kodi zikuyenda bwanji apa. Sewero litatha ndinamupeza kuseri kwa katani atakhala pa benchi yothyoka, kalata ija idakali m'manja, misozi ili mbwembwembwe. Miyezi iwiri yathunthu anakonzekera mwana ameneyo. Sindikufuna zimenezo zidzagwere aliyense wa inu.

Kwa inu olemba, mawu oseketsawo muziwaika kumapeto kwenikweni kwa chiganizo. Mukawaika pakati, anthu aseka n'kumiza zotsalazo. Ndipo musavutike kumasulira nthabwala za m'mapepalamo, zambiri zatsamira pa mawu a Chingerezi omveka mofanana, zikawoloka zimafera panjira. Chichewa chili ndi zake. Ahedi akafunsa za mtengo, wina n'kubwera atasenza mtengo wa bulugama wokolekapo katani, apo mwayamba kale kulemba zathu.

Nyimbo tipeka tokha, za wina aliyense sititenga. Yaikulu ikhale imodzi, isapitirire mphindi imodzi ndi theka, ndipo imveke katatu. Koyamba pokonzekera, ikusokonekera, ng'oma ili kwake kiyibodi ili kwake. Kachiwiri iduke pakati. Kachitatu imveke yonse, ndipo pamenepo iimbidwe bwino kwabasi, mopanda nthabwala iliyonse, mpaka munthu tsitsi limuimirire. Anthu adzakhala atasekera ana amenewa kwa mphindi makumi awiri, ndiye apatseni mpata woti awanyadire. A Madamu a kwaya avomera kutithandiza, ndipo agwirizana nane pa ichi: muyambe mwaidziwa nyimboyo molondola, mawu anayi onse, kenako ndi pamene tidzasankhe malo enieni oti ilakwike. Kulakwitsa dala kumafuna munthu wodziwa. Tidzagwirizana kuti ng'oma ilowa mochedwa pa mzere uti, ndipo idzachedwa pamenepo tsiku lililonse, osati pamene woimbayo wafunira.

Chigawo chomaliza chili ndi vuto lake, chifukwa ndi sewero m'kati mwa sewero. Pa kanema kamera ina imaonetsa pasiteji, ina kuseri. Ife tidzamanga chingwe kuchokera ku khoma lakumbuyo kubwera kutsogolo, n'kukolekapo zitenje ziwiri. Mbali yaikulu, magawo awiri mwa atatu, ndi siteji ya ana aja. Kambali kotsalako ndi kuseri kwa katani, kumene akuthamangathamanga kufunafuna chipewa cha mfumu. Oonerera aziona zonse ziwiri. Koma mbali ina ikamalankhula, inayo ichite zake mwakachetechete ndi mochepa, apo ayi maso a anthu asowa kolowera.

Za nthawi. Anzathu aja pulogalamu imodzi ankaimaliza m'sabata imodzi. Tsiku loyamba onse pamodzi patebulo kuwerenga mokweza, kumene amakutcha table read. Masiku otsatira kuyeserera, olemba akukonzanso usiku uliwonse. Kenako tsiku la makamera, ndipo lachisanu madzulo kujambula pamaso pa anthu. Masamba osinthidwa ankabwera pa mapepala a mitundu, oyamba oyera, kenako abuluu, apinki, achikasu, kuti aliyense adziwe ngati wagwira atsopano. Ife tsiku lawo limodzi likhala sabata yathu imodzi, ndiye masabata 5. Mapepala a mitundu tilibe, choncho mlembi uzilemba deti pamwamba pa tsamba lililonse losinthidwa, ndipo lakalelo uzilanda nthawi yomweyo.

Kuwerenga kwathu kudzakhala Lachitatu loyamba tikatsegulira, tikangoweruka, m'kalasi ya Fomu 3. Tidzazunguliza madesiki. Palibe kuimirira, palibe kusintha mawu kuti amveke ngati a gogo, kungowerenga basi. Ndidzaitana ana a Fomu 1 okwana 10 amene sakudziwa nkhaniyi kuti adzakhale kumbuyo. Iwe mlembi sudzawerenga nawo. Ntchito yako n'kuika kamtanda pa mzere uliwonse umene asekapo, ndi kuzunguliza tsamba limene ayamba kuyang'ana pawindo.

Ndiye ntchito ya pa holide nayi. Olemba atatu aja a Fomu 3, mukumane kawiri tisanatsegulire, mubwere ndi cold open ndi gawo loyamba lolembedwa modumpha mizere. Lachiwiri mungolemba mitu yake kaye. Iwe wa kiyibodi ndi iwe wa ng'oma, mupeke korasi ya nyimbo yaikulu, muijambule pa foni munditumizire pano pofika Lamlungu la mawa. Ena nonse, aliyense abwere ndi kapepala kolembapo chinthu chimodzi chimene chinamuchitikiradi pokonzekera kwaya, sewero kapena gule, kusukulu kapena kutchalitchi, koma mayina a anthu musalembe. Msungichuma, funsa kunyumba ngati angatibwereke zitenje ziwiri za mtundu umodzi ndi chingwe choyanikira zovala. Amene wamva uthengawu ayankhe kuti wamva, ndipo amene mumakhala pafupi ndi anzanu opanda foni mukawafotokozere. Mundiperekere moni kwa makolo.