McGregor ndi Dudu, anzanga a m'basi ya m'mawa

Moni a kumudzi, moni inu muli ku Joni, ndi nonse amene tikuzizidwa limodzi kuno ku London. Lero nkhani za mapepala ndi lendi tizisiye kaye. Ndikufuna ndikuuzeni za anthu awiri amene amandiperekeza m'makutu ndikamaweruka ku shifiti ya usiku.

Chris McGregor anali mzungu woimba piyano, koma anakulira ku Transkei, ku South Africa, pa mishoni ya Church of Scotland pomwe bambo ake ankaphunzitsa. Anzanga a CCAP mukudziwa mmene nyimbo za pa mishoni zimakhalira m'magazi. Dudu Pukwana anali wa ku Walmer, ku Port Elizabeth. Anayamba ndi piyano, kenako n'kugwira alto sakisofoni. Gulu lawo linali Blue Notes, ndipo m'masiku a tsankho aja, mzungu kuimba pamodzi ndi anthu akuda kunali kudziitanira apolisi. Mu 1964 ataitanidwa ku chikondwerero cha jazi ku Antibes, ku France, anapita n'kukhalira kunja komweko. Anakhalako ku Zurich, ndipo mu 1965 anafika kuno.

Chimene chimandigwira mtima ndi mmene awiriwa ankamverana. McGregor amayala nyimbo pansi ngati mphasa, mwaulemu, Dudu n'kubwera kudzagwerapo ndi thupi lonse. Sakisofoni yake imakuwa, imalira, mwadzidzidzi n'kutembenuka kukhala kwela ya m'misewu ya kwawo. McGregor samuletsa ayi. Amamutsegulira njira, kenako amamubweza kunyumba ndi makodi (mawu a piyano olira pamodzi) awiri atatu a nyimbo ya tchalitchi. Atakhazikitsa gulu lalikulu la Brotherhood of Breath, lodzaza ndi oimba a kuno ku Britain, nyimbo yotsegulira chimbale chawo choyamba inali ya Dudu, MRA. Mtsogoleri kuyambitsa chimbale ndi nyimbo ya mnzake, ine ndimaona kuti n'chikondi chenicheni.

Ndikapita ku Chinatown kukagula mpunga, ndimadutsa dala mu Gerrard Street, pomwe panali kalabu yakale ya jazi ya Ronnie Scott imene ankaimbamo. Ndimaganiza za anyamata amenewa akutuluka m'chipinda chapansi m'bandakucha, ndalama zochepa m'thumba, kwawo kosabwererako. Amene mwakhalapo kunja mukudziwa kuti munthu amene amamva chilankhulo chako usanamalize chiganizo ndi wosowa kwambiri. Ine ndinamupeza ku ntchito, mayi wina wa ku Chipata, ndipo tikamasintha zofunda za agogo amene timawasamalira timayankhulana Chinyanja chapansipansi.

Mongezi Feza, wa lipenga wa mu Blue Notes, anamwalira mu 1975. Johnny Dyani, mnzawo wina wa m'gululi, mu 1986. Mandela anatuluka m'ndende mu February 1990, McGregor n'kumwalira ku France mu May, Dudu kuno ku London mu June chaka chomwecho. Onse awiri sanafike pa chisankho cha ku South Africa cha 1994.

Ifufuzeni MRA pa YouTube, muimvere ndi mahedifoni, ndipo mundilembere zimene mwamvamo. Sabata yamawa tikamba za kutumiza maliro kumudzi, chifukwa ambiri mwandifunsa. Tsalani bwino.