Boya la pinki ndi anthu opulumutsa panyanja kuno ku Cape Town

Zikomo a wapampando pondipatsa mpata. Amayi ndi abambo, sinditenga nthawi, ndikudziwa ena muli ndi ulendo wa ku Hout Bay.

Nonse mwamva za mnyamata wathu uja Lamulungu lapitali ku Camps Bay. Madzi anali omulekeza m'chiuno basi. Posakhalitsa anali uko, mutu wokha ukuoneka, anzake akungokuwa pamchenga. Amene anamugwira ndi bambo wina wodutsa, amene anazula boya la pinki, chipangizo choyandama chopulumutsira munthu m'madzi, pamtengo wake n'kulowa nalo m'madzi, mayi wina akuimba nambala yolembedwa pachikwangwani. Ine ndinamuona madzulo ake ali m'bulangete, milomo yatuwa, kapu ya tiyi ikugwedera m'manja. Ndiye mvetsani: mukaona munthu akumira, imbani foni msanga, ndipo musalowe m'madzi chimanjamanja.

Maboya amenewa anayamba kuikidwa m'magombe mu 2017 ndi bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI, National Sea Rescue Institute. Bungweli linabadwa pamaliro. Mu 1966 asodzi 17 anamira ku Stilbaai pa mkuntho, popanda wowalanditsa. Mphunzitsi wina wa ku Simon's Town, mayi Patti Price, analemba makalata kunyuzipepala osatopa, mpaka mu 1967 ntchito inayamba ndi kaboti kamodzi kopopa, dzina lake Snoopy, komwenso kanali kopatsidwa. Lero bungweli lili ndi anthu ongodzipereka opitirira 1,000, ndipo salandira malipiro. Masana ndi aphunzitsi, amakaniko, anamwino. Foni ikalira usiku amasiya tulo n'kukalowa m'madzi ozizira aja chifukwa cha munthu amene sakumudziwa.

Koma mtima wabwino suyendetsa injini. Boti limafuna mafuta, mawailesi, majekete, zovala zoteteza kuzizira, ndipo mchere umadya zitsulo tsiku ndi tsiku. Ndalama zambiri zimachokera kwa anthu wamba ndi makampani. Mukapita ku Waterfront, padoko la Cape Town, mudzaona boti la NSRI lolembedwa DHL Deliverer, ndipo kale pamalo omwewo panali Spirit of Vodacom, onsewo otchedwa mayina a makampani. A Mitsubishi akhala akuthandiza pa mpikisano wowina magalimoto, anthu n'kumagula matikiti, ndalamazo n'kupita kuntchitoyi.

Ee, achimwene kumbuyoko? Akuti makampaniwo akungotsatsa malonda awo. N'zoona, dzina lawo limaoneka, ndipo amafuna lioneke. Ine sindikana. Koma taganizani achimwene, kwathu kampani ikagulira timu ya mpira yunifomu, dzina lake limakhala pachifuwa, nanga anyamatawo savala? Apa n'chimodzimodzi, kungoti chimene chagulidwa chikukatenga mwana wa munthu m'madzi. Ndipo pali chinthu chimene ndalama ya kampani imatha, chimene R50 yanga singathe payokha. Boti lalikulu ndi la mamiliyoni, ndipo kulipanga kumatenga nthawi. Kampani ikalonjeza zaka zingapo, bungwe limadziwa poyambira, limatha kuitanitsa boti ndi kuphunzitsa anthu atsopano. Kampaniyo sisankha woti apulumutsidwe. Amene akumira safunsidwa kuti foni yake ndi ya kampani iti, kapena kwawo n'kuti. Ndiponso NSRI silipiritsa munthu amene yamupulumutsa. Izi ndikunena dala, chifukwa ndamva ena akuti ankaopa kuimba poganiza kuti kubwera bilu. Kulibe bilu. Imbani msanga.

Tsono ndikudzudzuleni pang'ono. Mwezi watha ndinalowa m'nyumba ina, sinditchula, ndinapeza boya la pinki lili pakhoma ngati chokongoletsa. Abale anga, boya limenelo wina analilipira kuti likhale pagombe. Likanakhala kuti la ku Camps Bay nalonso lili pakhoma la munthu, bwenzi lero tikusonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi. Libwezeni, palibe adzakufunseni.

Ndi inu a ku Nkhata Bay ndi Mangochi, amene mumati munabadwira m'madzi. Ndikudziwa mwera mumaudziwa. Koma nyanja ino ili ndi madzi okoka, amene amati rip current. Madzi amene mafunde abweretsa kumtunda amabwerera kudzera pampata umodzi, ngati mtsinje wothamanga. Pamalopo pamaoneka pabata, mafunde saswekapo, n'chifukwa chake anthu amasankha pomwepo. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, kukokako kumakula. Komanso mbali ino ya Atlantic madzi ndi ozizira kwambiri, manja amauma msanga.

Ndaona ana ayamba kuvuta, ndithamange. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, pamene pali olondera. Mowa ndi nyanja ayi. Madzi akakukokani musalimbane nawo, yandamani chagada, kwezani dzanja, kenako sambirani cham'mbali motsata gombe. Mukaona wina akumira, imbani 112 kapena nambala ya pachikwangwani, tchulani nambala ya boyalo kuti adziwe pamene muli, ndipo wina aziloza munthuyo osachotsa maso. Ngati simudziwa kusambira bwino, ponyani boya, musalowe. Musalowe chimanjamanja.

Tulutsani mafoni tsopano, tilembe 112 tisanabalalike. Amayi a kwaya, muwathandize agogo apo.